Kapeti Wobiriwira wa Bambo a Sungeni

Usiku wathawu ndinalota, anzanga. Esinati, tasiya kaye kusanja mbatatesi zakozo, magalimoto sanayambe kuima. Inunso a Nabengo sunthirani kuno, mphepo ya Dedza ikundilanda mawu. Koma pasapezeke wondiseka, chifukwa ndikayamba kulira pamsewu pano makasitomala atithawa tonse.

Inu a Nabengo mwabwera kumene, nkhani ya kapeti simukuidziwa. Malemu amuna anga, bambo a Sungeni, anali khukhi wa azungu a ku Sweden ku Lilongwe. Azunguwo pobwerera kwawo, dona wawo, mayi Birgitta, anawapatsa kapeti. Osati timakapeti ta m'mashopu iti ayi. Kapeti wakalekale, wolukidwa pamanja, wobiriwira ngati mpiru wa kudimba, ubweya wake kutalika ngati chala changachi, moti ukapondapo phazi limamira. Sungeni wanga anakwawira pamenepo, anaphunzirira kuyenda pamenepo, ndipo ankamutchula kuti kapinga wa adadi. Ankabisa nyemba mu ubweyamo, bambo ake n'kumazifunafuna chokwawa uku akulira ngati mbuzi, bambo wamkulu ndi ndevu zake. Matenda atawagwira anakana bedi, ati kuchipinda n'kutali ndi mwana. Anagona pa kapetiyo mpaka tsiku limene anatisiya.

Ndiye mwambo wa kwawo kwa amuna angawo ndi wakuti mphasa imene munthu waferapo imapita naye kumanda. Adzukulu atalowa m'nyumba anafunsa kuti malemu anatsirizikira pati, wina n'kuwalozera. Iwo sanaone kapeti, anaona mphasa. Ine ndinali kuchipinda, azimayi atandigwira uku ndi uku, palibe anabwera kudzandifunsa. Pochokera kumanda ndinapeza pabalaza pali simenti yokhayokha. Kuyambira pamenepo Sungeni, mwana amene ankalongolola ngati wailesi, sanatulutsenso liwu. Amaima pakhomo la pabalaza n'kumayang'ana simentiyo, osalowa. Kuchipatala ati makutu ali bwino, lilime lili bwino, dikirani. Kudikira ndadikira, chimanga chinakololedwa, china chadzalidwa. Chimene chikundiopsa n'chakuti ndayamba kuiwala mmene mawu a mwana wanga ankamvekera.

Ndiye m'malotomo kunali masana, dzuwa lili paliwombo, ine ndikusesa pabalaza. Mwadzidzidzi tsache linauma m'manja mwanga n'kunena kuti, "Mayi a Sungeni, ine ndatopa. Tsiku ndi tsiku kukanda simenti, mano anga onse atha. Pitani mukagule kapeti wina kuti mwanayo alankhule."

Ndinati, "Iwe tsache, ukulankhula iweyo, mwana wanga ali duu? Chilungamo chake chili pati?"

Ilo linati, "Musandikalipire, ndangotola mawu amene akungokhala m'nyumba muno opanda wowagwiritsa ntchito."

Ndiye ndinamanga chitenje n'kutuluka. Kungoti phazi pakhonde, ndili kale mumsika wa kaunjika, koma msika wake wautali, mabenchi kukafika mpaka kuphiri. Ogulitsa kunalibe, katundu ankadzigulitsa yekha. Mabulangete kukuwa kuti mtengo wagwa mayi, mtengo wagwa. Nsapato za ana kunditsatira m'mbuyo ngati anapiye. Diresi lina laukwati linali pa hang'ala likungosisima, osanena chimene lalakwiridwa. Ine ndinaima pakati n'kukweza mawu kuti, "Ndikufuna kapeti wobiriwira, waubweya wautali, wochokera ku Sweden. Wakale, osati watsopano!"

Mwadzidzidzi kapeti wapulasitiki, uja wamaluwamaluwa amadula ndi sizasi m'mashopu, anadzifunyulula pamapazi anga n'kuyamba kundifunsira ngati mnyamata wa kabaza. "Asisi, tengani ine. Sindisunga fumbi, sindisunga fungo, sindikumbukira munthu aliyense."

Ndinati, "Choka apa iwe, ine ndikufuna wokumbukira."

Ndiye chikopa cha mbuzi chinadumpha pabenchi, ati mungondipaka penti wobiriwira, mwanayo sakazindikira. Asa! Ndinachiuza kuti mwana wanga ndi wosalankhula, si wopusa, ndipo chinabwerera pabenchi mchira uli pansi. Esinati, ndati usaseke, ukundiona ngati ndikuseka ine?

Ndiye kumapeto kwa benchi kunali chijekete chachikulu chaubweya, chothothoka m'zigongono, chikutsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Chinandikodola ndi mkono wake wopanda dzanja n'kunena kuti, "Kapeti wanuyo ndinamuona. Anadutsa pano atapindidwa, ali pamapewa pa azibambo, m'mbuyo mukubwera nyimbo."

Ndinati, "Ameneyo musanditchulire. Ndikufuna mnzake."

Icho chinati, "Mnzake ngati alipo ali kwathu ku Sweden. Ine ndine wa konko, ndinabwera m'belo. Njira imene tinadzera ife ndi yomweyo, lowani m'belomo. Koma mundivale kaye, kwathu si kwa chitenje chimodzi."

Ndiye ndinachivala, fungo la kaunjika kundilowa mpaka kukhosi, n'kulowa m'belo mutu ndi miyendo yomwe. Wina anamanga mawaya kunja. Mkati munali mdima, masokosi akulira m'zilankhulo zosiyanasiyana, thalauza lina likupemphera. Ndinamva lole ikuyenda chafutambuyo, kenako madzi akuwomba m'mbali, ine n'kumangoti Ambuye, mwana ndamusiya yekha pakhomo paja, akagwa adzaitana bwanji munthu?

Mwadzidzidzi belo linaphulika, ndipo ndinagwera mu ofesi ya pachipata cha dziko, kaya ndi dziko liti. Mabwana atakhala pamzere, aliyense ndi tebulo lake. Woyamba anali wowonda, wa tayi, mabolopeni atadzaza m'thumba la malaya. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Mukupita kuti?"

"Kukagula kapeti, bwana."

"Wa ndani?"

"Wa mwana wanga."

"Mwanayo wapempha?"

"Salankhula, bwana."

Ndiye akulankhula choncho, mabolopeni aja anayamba kuchuluka, ena kumera kumsana, ena m'khosi, kuboola jekete, mphuno kusongoka, mpaka pampando panakhala nungu yovala tayi. Nunguyo inati, "Ngati sanapemphe ndiye kuti sakufuna. Abwere adzanene yekha ndi pakamwa pake."

Iii, magazi anandiwira. Ndinati, "Bwana, akanakhala kuti amanena yekha, ine ndikanabwera kuno kudzaona mphuno yanuyo?"

Nungu inadzigwedeza, mabolopeni kuuluka ofesi yonse, imodzi kundibaya patsaya pano. Inati pitani tebulo linalo, ine nthawi yanga yankhomaliro yakwana.

Wachiwiri anali wonenepa, kolala yolimba ngati katoni. Ndisanatsegule pakamwa, khosi lake linayamba kulowa m'kolalamo pang'onopang'ono, kenako chibwano, kenako magalasi, manja nawo kulowa, suti kuuma gwa, basi kamba. Mawu ankachokera mkati mwa chigoba ngati munthu ali m'chitsime. "Madzi akatayika saoleka, mayi. Bwerani mawa."

Ndinagogoda pachigobapo ngati pachitseko. "Odi! Odi kuno!"

"Kulibe anthu, apita kumaliro."

"Maliro a ndani?"

"A amuna anu."

Mayo ine, anzanga! Ndinakhala pansi mu ofesi ya eni ake n'kulira mokweza ngati tsiku lomwe lija, ndipo palibe anabwera kudzandigwira paphewa.

Ndiye wachitatu anali mayi, wa wigi yake bwinobwino, chidindo chili m'manja. Diso limodzi linkayang'ana ine, lina linkayang'ana kuzenera, ndipo nditapukuta misozi ndinaona kuti ndi nanzikambe, wigi ili pamutu pomwepo. Anafunsa mwaulemu kuti, "Kubiriwira kwake kotani, mayi? Kubiriwira kulipo kwambiri." N'kuyamba kusintha khungu kuti ndisankhe. Anabiriwira ngati papaya wosapsa, ndinati ayi. Anabiriwira ngati ndere za m'chithaphwi, ndinati ayinso. Kenako anangoti mtundu weniweni uja, wa pabalaza panga, moti ndinakuwa kuti ameneyo, ameneyo, ndipo ndinatsala pang'ono kumugwira kuti ndikamuyale kunyumba. Iye anayamba kukweza dzanja kuti adinde, kulikweza, kulibweza, kulikwezanso, mwendo umodzi uli m'malere. Chidindo chinatopa nazo. Chinadumpha chokha m'manja mwake n'kudzandimenya pachipumi, phaa! Chinati, "Dutsani mayi, awa dzanja lawo lidzafika chaka chamawa."

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka, ndili ku Sweden. Abale, kuzizira kwa Dedza kuno n'kwamasewera. Kumwamba kunkagwa ufa woyera, wosalala ngati wa pachigayo chabwino, utadzaza misewu, madenga, mitengo. Ndinati anthu awa ufa wonsewu akungoupondaponda? Ndinawerama kuti ndiwolereko pachitenje, koma ukafika m'manja umasanduka madzi. Anthu kunalibe, galu kunalibe, ngakhale khwangwala. Dziko lonse linali chete ngati mwana wanga.

Ndiye kutsogolo kunali shopu yaitali ngati chigafa cha fodya. Makapeti ena atapachikidwa m'mwamba, ena akuyenda pansi m'timagulu, mitu ili pansi ngati nkhosa zikudya. Pakhomo panaima mayi Birgitta, amene ine ndinangowaonapo kamodzi patali, tsiku limene ndinakapereka uthenga kuntchito kwa bambo. Anali atamanga chitenje pamwamba pa chikhothi, duku kumutu, ndipo anagwada n'kundipatsa moni m'Chichewa chenicheni cha kwa Kaphuka. "Wawa mayi a Sungeni. Pepani ndi zovuta zija, ife tinalephera kufika pamaliro, thiransipoti inavuta."

Ndinati, "Zikomo mayi, zinachitika basi. Ndabwera kudzagula mnzake wa kapeti uja."

Iwo anaimba likhweru, ndipo makapeti obiriwira onse anathamangira kwa ine n'kundizungulira, ubweya ukugwedezeka. Anali okongola, a Nabengo, sindinama. Ena akale kuposa wathu uja, ena ofewa kuposa wathu uja, oti munthu ukagonapo sungadzukenso kupita kumunda. Ndinagwada n'kuyamba kuwanunkhiza mmodzimmodzi, chifukwa ndimadziwa kuti Sungeni akayamba ndi mphuno. Wina ankanunkha khofi, wina sopo, wina galu wa azungu. Palibe ankanunkha utsi wa mbaula yathu, kapena mafuta aja ndinkawapaka bambo pachifuwa. Ndinalowetsa zala mu ubweya kufunafuna ngakhale kanyemba kamodzi, osapeza kanthu.

Kapeti wina wamkulu anadzitama kuti, "Pa ine panakwawa ana ambiri, ndipo onse analankhula."

Ndinati, "Analankhula chilankhulo chanji?"

"Cha kwathu kuno."

Ndinati, "Ngakhale chimenecho ndilola. Alankhule choti ine sindikumva, bola alankhule. Tiye."

Koma kapetiyo anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Mayi, musataye mphamvu zanu. Mwana wanuyo sakandiponda. Akangondiyang'ana ali pakhomo ngati mmene amayang'anira simenti."

Ndiye mayi Birgitta anandigwira dzanja n'kundikhazika pampando wozizira. Anati, "Kapeti uja analuka ndi mayi anga, chaka china dzuwa litakana kutuluka. Ankamanga mfundo imodziimodzi pafupi ndi nyali, mpaka maso anawathera pomwepo. Analuka mmodzi yekhayo. Alibe mnzake, kuno kapena kwina kulikonse."

Ndinati, "Nanga ine ndavutikiranji m'belo monse muja?"

Iwo anati, "Wanu yemwe uja alipo, sanagulidwe. Ali kuseri kwa chitseko icho. Koma mtengo wake sindinena ine, akanena amene wagonapo."

Pamenepo chijekete chija chinadzivula chokha pamapewa anga n'kugwa pansi. Chinati ine ndafika kwathu, uko mupita nokha.

Ndiye ndinakankha chitseko, mwadzidzidzi ndili kumanda kwa amuna anga, masana, mitengo ili phee, dothi lofiira lomwe lija. Adzukulu anali atakhala pamthunzi ndi makasu awo, mkulu wawo a Chidzanja ali pakati, omwe aja anatsogolera tsiku la maliro. Mkwiyo umene ndakhala ndikuumeza miyezi yonseyi unatuluka. Ndinati, "A Chidzanja, inu ndi maso anu awiriwo, chinthu chobiriwira chaubweya chija munachiona ngati mphasa? Mphasa ya kwanu imamera ubweya? Simukanafunsa?"

Iwo anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, ife timatsata mwambo. Chimene munthu waferapo n'chake. Tikanachisiya, mukanatinenanso kuti tamutumiza munthu wopanda pogona."

Akulankhula choncho anayamba kufupika, maso kuchepa, mano akutsogolo kutalika, anzawo onse chimodzimodzi, mpaka pamthunzi paja panatsala mfuko zokhazokha zitagwira timakasu. Zinathamangira pamtumbira wa bambo a Sungeni n'kuyamba kufukula, dothi kuuluka, ndipo posakhalitsa panaoneka masitepe otsikira pansi. Mfuko imene inali a Chidzanja inandiwombera m'manja mwaulemu kuti ndidutse.

Ndiye ndinatsika. Kumene ndinafikira kunali pabalaza pathu, a Nabengo, kukula kwake komweko, ngodya zake zomwezo, kungoti makoma anali a dothi ndipo pamene pamakhala babu pankalendewera mizu. Pakati panali kapeti, wobiriwira kuposa kale, nyemba za Sungeni zitamera mu ubweyamo mpaka kuchita maluwa. Pamwamba pake anagona bambo a Sungeni, mu suti yotuwa ija tinawaveka, mkono atautsamira monga ankachitira Lamlungu masana. Anatsegula maso n'kunena kuti, "Aa, mayi a Sungeni, mwabwera wapansi? Mwadya koma?"

Munthu wa kukhitchini, mpaka kumanda funso lake n'lomwelo. Ndinangogwada m'mphepete mwa kapeti.

Iwo anati, "Mwana ali kuti? Sindikumumva. Kale ndikagona pano phokoso lake linkandilanda tulo. Kuno ndimatchera khutu kudenga tsiku lonse, koma zii."

Ndinati, "Salankhula, bambo."

"Chiyambire liti?"

"Chichokereni inu. Amaima pakhomo n'kumayang'ana pamene panali kapeti. Ndayenda mpaka kwa azungu anu kufuna mnzake, ati alibe mnzake."

Anasisita ubweya ndi dzanja. Kenako anati, "Kuno kumazizira, mayi. Kuposa Juni wa kwathu. Anzanga ogona pamphasa m'mbali umu mano amangoti gwedegwede osalekeza. Ine ndi kapetiyu ndiye ndimapezako tulo." Sananene mokaniza ayi, ankangondiuza ngati mmene munthu amanenera za nyengo.

Ndiye kapeti analankhula, mawu ake otsika ngati munthu wafunda bulangete kumutu. "Mayi, ine ndine mmodzi. Sindingakhale pansi pa bambo kuno, n'kukhalanso pansi pa mwana uko. Mukandidula pakati, mfundo zonse zimasuka, mutsala ndi ulusi. Sankhani."

Anzanga, ndinamva kuwawa kumene sindinakumve ngakhale tsiku la maliro. Munthu amene ndinamudwazika, kumutembenuza, kumufunditsa mapazi kuti asazizidwe, lero ndimuchotse pogona pake ndimusiye padothi? Koma ndikatseka maso ndinkaona kamwana kanga kali pakhomo, chala chili m'kamwa. Ndinalira mpaka mamina. Kenako ndinati, "Bambo a Sungeni, ndikhululukireni. Ndabwera kudzakulandani."

Iwo anaseka pang'ono, kuseka kwawo kuja kwa m'mphuno. Anati, "Nanga mumazunguliranji? Mukanangonena polowa."

Ndiye anagwira nthiti ndi dzanja limodzi n'kuyamba kudzigubuduza pang'onopang'ono, monga ankachitira ndikafuna kukakung'untha kapeti panja, mpaka anafika padothi. Suti ija inadetsedwa mbali yonse. Nthawi yomweyo anayamba kunjenjemera, mapewa, mawondo, chibwano. Ndinamasula chitenje kuti ndiwafunditse, koma chinkangotsetsereka ngati pamwala wonyowa. Kuwafunditsa, kutsetsereka, kuwafunditsanso, kutsetsereka. Iwo anati, "Zisiyeni, za amoyo sizigwira kuno. Valani, mukayenda bwanji pamsewu? Pindani msanga muzipita ndisanasinthe maganizo, inenso ndine munthu."

Ndinapinda kapeti n'kumusenza pamutu. Ndili pamasitepe anandiitana, mano akugundana. "Mayi a Sungeni, akakalankhula mukatsegule zenera loyang'ana kuno, ndimve nawo."

Ndiye ndinayenda, anzanga. Kapeti kulemera ngati thumba la feteleza lonyowa, dothi kundigwera m'maso, khosi kuchita ngati lithyoka. Pamsewu uno ndinadutsa pomwe pano, inu muli pa mbatatesi zanu, ndipo munaimirira n'kuweramitsa mitu. Anjinga anatsika panjinga zawo, azibambo anavula zipewa, magalimoto anayenda pang'onopang'ono. Ndinkafuna kukuwa kuti si maliro awa, ndikupita kukadzutsa mwana, koma mpweya ndinalibe. Njira yonse m'mbuyo mwanga ndinkamva mano a amuna anga akugundana pansi pa nthaka, ndipo sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka ndikanabwerera.

Mwadzidzidzi ndili pabalaza panga. Ndinayala kapeti pamalo pake, kuwongola ngodya zonse, n'kuthamanga kukatsegula zenera lija. Sungeni anali pakhomo pake pomwe paja, chala m'kamwa. Ndinabwerera kukhoma pang'onopang'ono, kuopa kumudzidzimutsa. Anayang'ana kapeti, anayang'ana ine. Ndiye anachotsa chala m'kamwa, n'kutukula phazi limodzi, kuponda, phazi kumira. Linalo kuponda. Anayenda mpaka pakati, anagwada, anagona chafufumimba, nkhope yonse mu ubweya, kamsana kakukwera ndi kutsika. Kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, zimene sanachite chimwalirireni bambo ake. Anakoka mpweya, milomo inatseguka, lilime ndinaliona likusuntha.

Chimene chinatuluka ndi go, go, go.

Ndinati, "Nena mwanawe, nena, ndikumva!"

Go, go, go.

Ndiye ndinatsegula maso. Kunja kutayera, ine ndili pabedi, pilo atanyowa. Sungeni ataima pambali panga ndi kapu yake yapulasitiki, akuimenyetsa pamwendo wa bedi, go, go, go. Ndi mmene amapemphera tiyi masiku ano. Milomo inali yotseka. Ndinasuzumira pabalaza, simenti yokhayokha. Bambo ake ndawasiya padothi akunjenjemera, ndipo ngakhale liwu limodzi sindinalimve.

Ndinadzuka, anzanga, ndisanasonkhe n'komwe moto, n'kukatsegula zenera loyang'ana kumanda kuja kuti mwina amveko kapuyo.